Wembley, Bwalo la Wemba

Lirani ng'oma! Lira mbalule, iwe mlankhuli wa pabwalo. Lira mpanje, iwe wa liwu lobaya. Lira gunda, iwe wogwedeza nthiti za nthaka. Lirani pa Boma pano, patsinde pa mapiri a Mchinji, kuno kumene Bua amanyamukira ulendo wake wa kunyanja. Lirani amve a ku Kamwendo. Lirani amve a ku Waliranji, a ku Kapiri, a ku Mkanda. Lirani liwu lidumphe malire pa Mwami, likagwe m'makutu mwa abale athu a ku Chipata. Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja! Lero tikutamanda dzina. Dzina lobadwira kutali, lokulira pakamwa pathu. Dzina la kutsidya kwa nyanja zamchere, lodziwika ndi mnyamata wa kubusa kwa Mavwere. Dzina lolemera pa lilime, lopepuka pouluka. Dzinalo ndi Wembley.

Wawa Wembley! Wawa mkango wogona kumpoto chakumadzulo kwa London. Wawa njovu yomwera pa mtsinje wa Brent. Wawa phiri lomera anthu m'malo mwa mitengo. Inu dziwe lomeza makamu. Inu mlambe wosazungulirika ndi mikono. Inu thanthwe loswekerapo mitima ya ngwazi. Inu mkuyu wogamulirapo milandu ya mpira, milandu yosagonetsa, milandu yotha tsiku lomwelo. Inu phanga la mikango itatu ya pachifuwa cha England. Wolowa mwa inu ali mnyamata amatuluka ali mwini mbiri. Wolowa mwa inu akudzigunda pamtima amatuluka atazolika. Wolowa mwa inu akunjenjemera amatuluka ali pamapewa a anzake. Ndani sakudziwani? Ndani sanamvepo mkokomo wanu pa wailesi? Ndani sanaimepo ndi mwendo umodzi chifukwa cha inu, mtima uli m'mwamba, nsima ikuzizira pa mphasa?

Musanakhale mkango munali kamwana. Musanakhale nyanja munali kasupe. Kalelo, sitima isanaphunzire kukwawa pa njanji, chikopa chisanasokedwe kukhala mpira, kwanuko kunali nkhalango, ndipo m'nkhalangomo munali munthu, dzina lake Wemba. Wemba wa nkhwangwa. Wemba wa zikhatho zokhakhala. Wemba wotsegula thambo pakati pa mitengo. Angelezi amakedzana anali ndi liwu lawo lotchulira malo olambulidwa m'nkhalango, liwu loti lea, ndipo analimangirira ku dzina la mwini malo. Polambula pa Wemba. Mphanje ya Wemba. Bwalo la Wemba. Pofika chaka cha 825 dzinali linali litalowa kale m'chikalata cha malo. Chaka cha 825! Zaka 1,200 zapitapo. Mafumu abadwa, alamulira, aikidwa m'manda. Mizinda yapsa, yamangidwanso. Malilime apindika, mawu asintha. Koma Wemba sanachoke pa mphanje yake.

Imvani inu a kwa Zulu. Imvani inu a kwa Mlonyeni. Dzina logwedeza dziko lapansi ndi dzina la pamudzi. Ndi momwe timatchulira ifenso: kwa Dambe, kwa Kapondo, kwa Simphasi, munthu kusanduka malo, malo kusenza munthu. Wembley ndi kwa Wemba. Si dzina la mwini chisoti chagolide. Si dzina la kazembe wa nkhondo. Si dzina la mwini zombo. Ndi dzina la thukuta. Ndi dzina la chitsa chozulidwa ndi manja. Ndi dzina la munthu amene anayang'ana tchire naona bwalo. Wawa Wemba, kholo la mabwalo! Wawa mlambuli woyamba! Munalambula pokwana mudzi, pakudza mitundu.

Anadza Edward Watkin, mkulu wa njanji, nati amangepo nsanja yachitsulo yopambana ya Eiffel ya ku Paris. Nthaka ya Wemba inakana. Nsanja inangokwera gawo loyamba, maziko anatitimira, ndipo pofika 1907 inali itagwetsedwa. Nthakayo sinkafuna chitsulo chongoima. Inkadikira mapazi.

Mapazi anafika. Anafika pa 28 Epulo 1923. Bwalo linamangidwa m'masiku 300, ndi nsanja ziwiri zoyera pakhomo, mapasa oima njo, nyanga za njovu zoloza kumwamba. Tsiku loyamba lenileni, ndime yotsiriza ya chikho cha FA, Bolton Wanderers ndi West Ham United. Owerenga pazipata analemba 126,047. Koma ndani amawerenga madzi a chigumula? Anthu anakwera makoma, anadumpha mipanda, anakhuthukira mkati ngati ngumbi zotuluka pachulu mvula yoyamba itagwa, mpaka oona anati khamu lapitirira 200,000. Anadzaza pokhala. Anadzaza poima. Anadzaza pa kapinga penipeni, poti pasewereredwe mpira. Mfumu George V ili pompo, osewera akusowa popondetsa phazi.

Pamenepo panatulukira kavalo. Kavalo Billie, wotuwa, wowala mbee pa zithunzi za tsikulo. Kavalo wosaopa mkokomo, atakwerapo wapolisi George Scorey. Anayenda mozungulira, pang'onopang'ono, kukankha nyanja ya anthu ndi mphuno, mpaka mizere yoyera inaonekanso. Wawa Billie, bwato loyenda pa mafunde a mitu! Wawa wogawa madzi popanda ndodo! Wezulo inalira mochedwa, koma inalira. David Jack anamwetsa chigoli choyamba mwa inu, Bolton inapambana 2 kwa 0, ndipo kufikira lero tsikulo limatchedwa ndi dzina la kavalo woyera. Munabadwa mukubangula, inu Wembley. Simunakwawe. Simunayamwe. Munabadwa ndi mano.

Koma eni ndalama sanakutcheni Wembley. Anakutchani Empire Stadium, bwalo la ufumu. Anakumangirani chionetsero cha ufumu wa Britain cha 1924 ndi 1925, poyalapo chuma cha maiko amene anawagwira pakhosi. Masiku amenewo dziko lathu linkatchedwa Nyasaland. Masiku amenewo Boma lino linkatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa. Masiku amenewo Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Maina amenewa anadza ndi mfuti. Anadza ndi utsi wa 1898, pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa, ng'ombe zawo kulandidwa, Nsingo mwana wa mfumu kuwomberedwa. Sitinaiwale. Mapiri awa sanaiwale.

Nanga ali kuti lero mainawo? Ali kuti Fort Manning? Wabwerera, patsala Mchinji. Ali kuti Fort Jameson? Wabwerera, patsala Chipata. Ali kuti Fort Johnston? Patsala Mangochi. Ali kuti Port Herald? Patsala Nsanje. Ali kuti Fort Hill? Patsala Chitipa. Mlendo ndi mame, dzuwa la ufulu linawakamutsa onse. Ndipo ali kuti Empire Stadium? Nayenso wapita njira yomweyo! Anthu wamba a ku London, okwera sitima ndi tikiti ya m'thumba long'ambika, anakana kunyamula dzina la ufumu pa lilime. Ankati tikupita ku Wembley. Ufumu unagwa, Wemba anatsala. Mbendera zinatsitsidwa, Wemba anatsala. Abwanamkubwa anakwera zombo, Wemba anatsala. N'chifukwa chake ndikukutamandani pa Boma pano mopanda manyazi. Inu ndi Mchinji ndinu apaubale. Nonse munavekedwa dzina la wolamula. Nonse munalivula. Nonse munabwerera ku dzina la nthaka.

Wawa bwalo losakondera! Wawa woweruza wosalandira nkhuku! Mu 1948 munalandira masewera a Olympic dziko likadanunkha wonga wa nkhondo. Mu Meyi 1953 munaveka Stanley Matthews ulemu, Blackpool itagwetsa Bolton 4 kwa 3. Chaka chomwecho, pa 25 Novembala, munalola Hungary ya Ferenc Puskás kuthibula eni nyumba 6 kwa 3, mikango itatu ikuyang'ana pansi pakhomo pawo pomwe. Simunabise nkhope. Simunazimitse nyale. Mu Juni 1963 munaona Henry Cooper akugwetsa Cassius Clay ndi chibakera cha kumanzere, munaonanso Clay akudzuka, akupambana, ali pa njira yodzatchedwa Muhammad Ali. Pa 30 Julayi 1966 munapatsa England chikho cha dziko lonse, 4 kwa 2 pa West Germany, zigoli zitatu za Geoff Hurst, Bobby Moore akukwera makwerero 39 kukalandira golide. Makwerero 39! Phiri lalifupi pa maso, lalitali pa miyendo. Opambana ankalikwera akuuluka. Ogonja ankalikwera atasenza mwala.

Ndipo munamwa misozi ya mwana wathu. Eusébio! Nyalugwe wakuda wa ku Mafalala. Mphenzi yobadwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Mwendo wamanja wothyola zala za magoloboyi. Anayamba kusewera wosavala nsapato, pa fumbi la Mozambique, dziko loyandikana nalo, dziko la abale athu a ku Tete ndi ku Niassa. Mu 1963 anamwetsa chigoli mwa inu atavala zofiira za Benfica, koma chikho cha Ulaya chinapita ku Milan. Mu 1966 anabweranso atavala za Portugal, ali ndi Mário Coluna, mnzake wa ku Mozambique komweko, kapitawo wa timu. Pa 26 Julayi anamwetsa penate, koma ziwiri za Bobby Charlton zinatseka njira. Anatuluka akupukuta misozi ndi malaya. Zigoli 9 mu mpikisano umodzi, woposa onse, koma akulira. Mu 1968 anabweranso kachitatu kudzasaka chikho, Manchester United inamukaniza 4 kwa 1. Wawa Eusébio, mtsinje wosefukira! Wawa wogonja wosachepa! Misozi yanu inanyowetsa mphanje ya Wemba, ndipo pamene panagwa misozi ya Afirika panadzamera zigoli za Afirika.

Wawa Albert Johanneson wa ku Germiston, mphepo ya kuphiko la kumanzere kwa Leeds United! Mu Meyi 1965 munakhala wakuda woyamba wa ku Afirika kuponda ndime yotsiriza ya chikho cha FA. Kwanu kunali tsankho, kwa eni ake kunali chipongwe, koma munaponda. Munatsegula chipata ndi phewa lopweteka. Wawa Bruce Grobbelaar, goloboyi wa Zimbabwe, nyani wa pamtanda, wokwera makwerero 39 ndi Liverpool mu 1986, mu 1989, mu 1992!

Imani ng'oma pang'ono, alowe wamkulu. Pa 11 Juni 1988 inu Wembley munaitana dzina la munthu amene anali m'ndende. Munaitana Nelson Mandela. Oimba anasonkhana kukumbukira zaka zake 70, mawu anauluka kupita ku maiko oposa 60, makoma a tsankho anamva kugwedezeka. Bwalo lomangidwira ufumu linasanduka ng'oma yomasula womangidwa. Ndipo pa 16 Epulo 1990, patangopita miyezi iwiri chitulukire m'ndende ya zaka 27, mwini dzina anaima mwa inu ndi miyendo yake. Khamu linaimirira. Khamu linakana kukhala pansi. Khamu linamuletsa kuyamba kulankhula ndi kuwomba m'manja. Wawa Madiba, mkungudza wosathyoka! Wawa Wembley, mlambe umene unapereka mthunzi kwa womasulidwa! Tsiku limenelo munasamba. Tsiku limenelo munakhala athu.

Nsanja ziwiri zinakalamba. Pa 7 Okutobala 2000, mvula ikugwa, Germany inapambana 1 kwa 0, Dietmar Hamann kutseka chitseko ndi chigoli chotsiriza. Mu 2003 mapasa oyera anagwetsedwa, fumbi linakwera, okalamba analira. Koma dzina siligwetsedwa ndi nyundo. Mu 2007 munadzuka. Munadzuka ndi mipando 90,000. Munadzuka ndi makwerero 107. Munadzuka ndi uta wachitsulo wokwera mamita 133, wotambalala mamita 315, utawaleza wosadikira mvula, goli losenza denga, nyanga imodzi yoposa ziwiri zakale. Wawa njoka yofundula! Wawa mwezi wofa ndi kubadwanso! Anaphwasula njerwa, anasiya Wemba.

Ndipo ndani anayamba kubangula mu fainolo ya FA m'nyumba yatsopano? Mwana wa Afirika! Didier Drogba, njovu ya ku Côte d'Ivoire, chifuwa cha thanthwe, khosi la njati. Pa 19 Meyi 2007, ndime yotsiriza yoyamba ya chikho cha FA pansi pa uta, Chelsea ndi Manchester United, nthawi yoonjezera ikutha, Drogba anabaya. Drogba anabaya mu 2007. Drogba anabaya mu 2009. Drogba anabaya mu 2010. Drogba anabaya mu 2012. Mafainolo anayi, zigoli zinayi, zikho zinayi. Bwalo la Wemba linasanduka dimba la Drogba.

Nwankwo Kanu, nyamalikiti ya ku Nigeria, mtima wosokedwa ndi madokotala koma wosatopa, anapatsa Portsmouth chikho mu 2008. Asamoah Gyan, pa 29 Malichi 2011, anabweza chigoli cha England mphindi zotsiriza, Ghana 1 England 1, ana a Ghana akuvina m'mipando ya London. Yaya Touré, chipembere choboola pakati, mu 2011 anathetsa njala ya Manchester City ya zaka 35. Pierre-Emerick Aubameyang wa ku Gabon, mu Ogasiti 2020, mliri utatseka zipata, mipando ili mbee, anamwetsa ziwiri napatsa Arsenal chikho. Bwalo linali chete, koma kuno kunali phokoso. Patson Daka, mwana wa Zambia, wa tsidya lomweli la Mwami, anaponda kapinga wanu mu Ogasiti 2021 atavala za Leicester City, nanyamula Community Shield. Marvelous Nakamba wa ku Hwange, mu Meyi 2023, anakwera ndi Luton Town kuchokera mwa inu kulowa mu Premier League. Werengani, inu owerenga! Abidjan wafika. Accra wafika. Zimbabwe wafika. Zambia wafika. Njira ikuyandikira. Fumbi lake tikulimva m'mphuno pa Mchinji pano.

Wembley, dzina losakhala pamodzi! Wembley, dzina la miyendo! Kwa eni ake, timu ikati ikupita ku Wembley, ndiye kuti yaoloka mitsinje yonse, yatsala ndi phiri limodzi. Safunsa kuti ku Wembley kukatani. Dzina lokha lanena. Dzina ndilo fainolo. Dzina ndilo chikho. Dzina ndilo tsiku lovala zatsopano. Ana a sukulu kumeneko ali ndi sewero lawo, goloboyi mmodzi, aliyense payekha, wolephera kumwetsa atuluke, ndipo seweroli amalitcha Wembley. Ku Alberta, m'dziko la Canada, kuli tauni yotchedwa Wembley. Ku Perth, m'dziko la Australia, kuli dera lotchedwa Wembley. Ku Pietermaritzburg kuli Wembley. Ku Johannesburg, kumene agogo athu ankapita ku migodi, kunamangidwa bwalo lotchedwa Wembley. Dzina lobereka. Dzina la zidzukulu. Dzina loyenda popanda chiphaso, loti a pachipata cha Mwami sangalisechere chikwama.

Ndipo kuno? Bwerani mudzaone kuno! Bwerani mwezi wa Meyi, chimanga chikulowa m'nkhokwe, mtedza ukuuma pa mindandanda, fodya ali pa ulendo wa ku okushoni, mphepo ya chisanu ikuyamba kutsika m'mapiri. Bwerani tsiku la fainolo. Wotchi ya kuno yatsogola ndi ola limodzi pa ya London, koma mtima ndi umodzi. Wakabaza watsamiritsa njinga. Wachiwaya wachepetsa moto. Telala wavundikira makina. Wogulitsa kaunjika wamanga mtolo dzuwa likadalipo. Onse alunjika ku nyumba yoonetsera mpira, ya malata otentha, ya mabenchi a matabwa, ya nsalu yakuda pakhomo. Magetsi akazima jenereta ilira. Jenereta ikatsokomola anyamata athamangira mafuta. Mpira sudikira. Wembley sadikira.

M'menemo mulibe mlendo. M'menemo muli a Phiri ovala zofiira, a Banda ovala zabuluu, a Jere osalankhula kufikira chigoli chitalowa. M'menemo mlamu amakangana ndi mlamu wake, malume amatsutsana ndi mphwawo, mphunzitsi amakumbatirana ndi wophunzira. Amati ife tafika ku Wembley. Amati ife, ndipo sanama. Anaigula ife ameneyu ndi tulo tosagona. Anaigula ndi ndalama ya ganyu yolipira pakhomo. Anaigula ndi zaka za kupirira timu ikugonja, anzawo akuwaseka pa msika. Uta ukaoneka pa kanema, nyumba yonse imati waa! Chigoli chikalowa ku London, malata amagwedezeka ku Mchinji. Agalu amauwa kwa Nyoka. Nkhuku zimadzidzimuka pa chisa. Wodutsa pa msewu wa M12 amadziwa kuti kwagwa munthu.

Wawa Wembley wa mipando 90,000! Koma mipando yanu yeniyeni ndani anaiwerenga? Benchi la pa Boma ndi mpando wanu. Njerwa yokhalira pa Kamwendo ndi mpando wanu. Chishalo cha njinga, pomwe mnyamata wagwira wailesi kukhutu, ndi mpando wanu. Zenera la nyumba yoonetsera, pomwe kamwana kopanda ndalama kasuzumira pa mng'alu, ndi mpando wanu wa ulemu. Inu nyanja, ife magombe. Inu bingu, ife mapiri obweza liwu. Inu moto, ife tchire la mwezi wa Okutobala.

Amayi, yandikirani, bwaloli ndi lanunso! Pa 31 Julayi 2022 anthu 87,192 anadzaza Wembley kudzaonera akazi, England 2 Germany 1, chikho cha Ulaya. Mikango yaikazi inabangula pomwe anabangula amuna. Ndipo ife tilibe mikango yaikazi kodi? Tili naye Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, womwetsa zigoli woposa onse mu ligi ya Italy ali ku Inter, woposanso onse mu ligi ya France ali ku Paris Saint-Germain. Tili naye mng'ono wake Temwa Chawinga, kamvuluvulu wa Kansas City Current, wa zigoli 20 mu 2024, wosankhidwa kukhala wopambana onse mu ligi ya America. Tili nawo ma Scorchers, eni chikho cha COSAFA cha 2023. ANaphiri, aNabanda, aNangondo, mwana wanu wamkazi akamathamangira mpira musamubweze ndi mtondo. Miyendo imeneyo ndi ya ulendo wautali.

Tili nazo ngwazi, tili nawo malawi. Tili naye Kinnah Phiri, mkondo wa zaka za zikho za 1978 ndi 1979. Tili naye Ernest Mtawali, mmisiri wa pakati, wofika mpaka ku Toulouse. Tili nalo tsiku la 11 Januwale 2010, pamene Flames inatentha Algeria 3 kwa 0 ku Luanda. Tili nalo tsiku la 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya mphenzi kuchokera kutali ku Yaoundé, goloboyi wa Morocco nkungoiperekeza ndi maso. Ndipo boma lino lomwe linatulutsa Extreme FC, ana a Mchinji, amene anakwera mpaka mu Super League ya 2023. Onsewa anayambira pa fumbi. Onsewa anayambira pa bwalo lolambulidwa ndi manja a anthu. Mmera mpoyamba.

Tsono ndikutembenukira kwa inu, mabwalo a kwathu. Wawa bwalo la pasukulu, la zigoli za mitengo ya bulugama! Wawa bwalo la kuseri kwa tchalitchi, lopendekera kudambo! Wawa bwalo la pakati pa minda, la chulu pakona, la mizere ya phulusa! Inu odya zikhadabo za ana. Inu ofiira m'chilimwe, oterera m'dzinja. Inu osadziwa kapinga wothiriridwa, odziwa chikulunga chomangidwa ndi luzi. Inu a miyala iwiri m'malo mwa golo. Inu a woyimbira wopanda wezulo, woyimba mluzu ndi zala. Inu amene mwana akamwetsa amathamanga atatambasula manja, anzake akumuitana Drogba, akumuitana Gaba, akumuitana Temwa. Musadzichepetse. Musazolike pamaso pa uta wa ku London. Mkulu wanu uja anayamba monga inu. Analambulidwa monga inu. Anatchedwa ndi dzina la munthu wapamudzi monga inu. Iye ndi mlambe, inu ndinu mbewu za m'chibalobalo chake. Magazi ndi amodzi.

Wawa mlambuli wa lero, amene umadzuka m'mamawa ndi chikwanje kukatchetcha bwalo popanda wokulipira! Wawa mphunzitsi wa masewera, wogula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwako! Wawa mayi wochapa yunifomu ya timu yonse pa mjigo! Wawa mkulu wosoka mpira wobooka ndi singano ya nsapato! Wawa mfumu imene inakana kugawa bwalo la ana kuti likhale mapuloti! Ndinu a Wemba a dziko lino. Ndinu nkhwangwa. Ndinu mphanje. Maina anu ndiwo adzatchulidwe pamene maina a ogula malo adzaiwalika.

Gogo Chalo, mafumu a Mchinji, ndagwada. Akuluakulu a khonsolo, ndawomba m'manja. Aphunzitsi aakulu, abusa, ansembe, mashehe, eni magolosale a pa Boma, ndikuitana nonse. Bwalo la ana lisagulitsidwe. Bwalo la ana lisalimidwe. Bwalo la ana lisamangidwepo sitolo. Pamene palibe bwalo, gawani malo. Pamene pali chitsa, zulani. Pamene pali dzenje, kwirirani. Imikani zigoli zachitsulo, gulani mipira iwiri, umodzi wa anyamata, umodzi wa atsikana. Ndipo Loweruka likudzali musangokhala m'nyumba yoonetsera: tulukani, mukaime m'mbali mwa bwalo la kwanu, mukachemerere ana anu powatchula maina awo enieni.